Chitsulo cha pa Kamenka

Kamenka, 20 Novembala 1994

Alvina mwana wanga,

Landira moni wa azakhali ako Erna. Ine ndili bwino, kupatula mawondowa amene akulosera nyengo kuposa wailesi. Bambo ako nawonso ali bwino. Akudya, akulalata, akukangana ndi ng'ombe m'khola, ndiye kuti moyo ulipo. Nanga iwe, mwamuna wako Tolegen ndi kamwana kaja ndimangokaonera pachithunzi, muli bwanji ku Karaganda?

Nkhani ndi iyi. Mapepala aja afika. Mlongo wako Artur walimbana nazo ku Jeremani kuja mpaka zatheka, ndipo ine ndi bambo ako tinyamuka m'Malichi. Nyumba yapeza kale mwini, mnyamata wina woyendetsa thalakitala. Khirisimasi ino ndiyo yomaliza m'nyumba imene unabadwiramo.

Mudzi uno sungauzindikire. Anzathu onse a chiJeremani anapita, mumsewu wathu nyumba zofuka utsi ndi zowerengeka. Lamulungu timasonkhana nkhalamba zokhazokha, ndipo tikamaimba chimamveka kwambiri ndi chifuwa. Sabata yatha anyamata ena anabwera kudzachotsa chitsulo cha njanji chija chopachika kumapeto kwa msewu, ati akagulitse. Bambo ako anawathamangitsa ndi foloko ya udzu. Ndinati, "Achimwene, kale namondwe wa chipale chofewa akayamba amuna ankalandizana kuchimenya kuti wosochera amve kumene kuli mudzi. Lero amuna akewo ali kuti? Nafenso tikuchoka." Anangoti, "Sitinachoke."

Tsono ndinawapanikiza tsiku lina akusenda mbatata. Ndinati, "Mupita kutsidya la nyanja osamuona mwana wanu? Zaka zonsezi sizinakwane?" Anapitiriza kusenda ngati sanamve. Kenako anati, "Msewu ukakhala wotseguka, aliyense amayendamo." Iwe ukuwadziwa bambo ako. Kwa munthu ameneyu mawu amenewo ndi ulaliki wathunthu.

Bwera mwana wanga. Chibale ndi fupa, sichiola. Ukamabwera unditengereko mphesa zouma ndi yisiti za keke, ndi galasi la nyali, chifukwa magetsi masiku ano amabwera ngati mlendo.

Ine azakhali ako,
Erna

Karaganda, 2 Disembala 1994

Okondedwa Azakhali,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Tonse tili bwino. Ndinaiwerengera kuntchito, m'kachipinda kosinthira zovala kuchipatala, ndipo ndinalira mpaka mnzanga anaganiza kuti kwathu kwagwa maliro. Tolegen akadali kumgodi wa malasha. Mwana wathu Maira wakwanitsa zaka zisanu, ndipo ali ndi chipumi cha agogo ake, ndi liuma lomwe.

Azakhali, ndikufunitsitsa kubwera. Usiku ndimalota mbaula yathu ija ndi fungo la keke yanu. Koma ndinene poyera kuti tisadzachititsane manyazi pakhomo. Sindibwera ndekha. Tsiku limene ndinachoka, Bambo anati ndikakwatiwa ndi Mkazaki, mbadwa ya dziko lino yosapemphera nafe, ndiye kuti ndadzitsekera chitseko ndekha. Chiyambire sanatchulepo dzina lake. Inu nomwe munandiuza kuti amati "munthu uja". Munthu ujayo ndiye amene amadzuka m'mamawa kukoleza moto kuti mwana wawo asaponde pozizira. Sindingamusiye pachipata ngati galu, ine n'kulowa kukadya keke.

Iye sizikumudetsa nkhawa. Akuti, "Akandikana m'nyumba ndikagona m'khola. Ng'ombe sizifunsa kumene munthu amapemphera." Ine sindikuseka ayi. Ndikuopa kuti Bambo akwera ndege asanamuyang'ane m'maso, asanamugwirepo mdzukulu wawo, ndipo kuchokera kumeneko sadzabweranso.

Chonde muwawerengere kalatayi, yonse, osadumpha. Mundiuze zimene anene, ngakhale zikhale zowawa. Mphesa zouma ndagula kale.

Ine mwana wanu,
Alvina

Kamenka, 11 Disembala 1994

Alvina,

Moni nonse kumeneko. Kuno kwazizira kwambiri moti madzi akuuma m'ndowa munthu asanafike nayo pakhomo.

Ndinawawerengera monga unanenera, osadumpha. Ndinasankha nthawi yabwino, atakhuta. Pamene ndinafika poti sungabwere wekha, anaika supuni pansi. Pamene ndinafika pa za khola, ndinaona ngati pakamwa pagwedezeka pang'ono, ndinati mwina aseka. Koma anadzuka, n'kuvala chikhoti chawo cha chikopa cha nkhosa, n'kunena ali pakhomo kuti, "Ndinanena kale. Mawu anga si malaya oti ndizisintha Loweruka lililonse." Anakakhala kukhola mpaka chakudya chinazizira.

Ndinafulumira kukuitana, mwana wanga. Mtima wanga unathamanga kuposa nzeru. Musabwere. Sindikufuna kuti kamwana kaja kadzaone agogo ake koyamba akutseka chitseko. Komanso wailesi ikunena za namondwe wamkulu cha ku Khirisimasi, ndipo ulendo uno mawondo anga akugwirizana nayo.

Mwina tidzaonana ku Karaganda m'Malichi, iwe ndi ine, ngakhale pabwalo la ndege. Ndikulemba misozi ili m'maso. Mphesazo umuphikire Maira.

Azakhali ako,
Erna

Karaganda, 17 Disembala 1994

Okondedwa Azakhali,

Moni. Tsiku lililonse ndikumatsegula bokosi la makalata, koma yankho lanu silikuoneka. Ndaganiza motere: Bambo akanakana, inu mukanalemba tsiku lomwelo, chifukwa nkhani yoipa simugona nayo. Ndiye kukhala chete kwanuku ndikukutenga ngati kuvomera.

Tikubwera tonse atatu. Pa 23 tikwera basi mpaka ku Osakarovka, tikagona kwa amalume ake a Tolegen, a Zhumabai, ndipo pa 24 tifika kwathu dzuwa lisanapendeke. Tolegen wagula malaya atsopano ndipo wameta mpaka makutu akuoneka ngati zigwiriro za poto. Watenganso soseji ya nyama ya hatchi, akuti munthu sapita kwa apongozi manja ali lende. Maira waloweza nyimbo ija ya Khirisimasi imene amayi ankatiimbira.

Muwauze Bambo. Ndili ndi mantha, komanso sindikugona ndi chimwemwe.

Alvina

Kamenka, 27 Disembala 1994

Artur mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi alamu anga ndi ana. Yang'ananso pamwambapo. Inde, ndikulemba ndili kwathu, patebulo lomwe lija unalisema dzina ndi mpeni. Khala pansi uwerenge bwino, chifukwa panatsala pang'ono kuti kalata imeneyi ikhale ya maliro.

Unamva kuti Azakhali anandiitana. Ndinawalembera kuti tikubwera pa 24. Titafika ku Osakarovka tinapeza msewu wa kuno watsekeka ndi chipale, basi sikupitirira. A Zhumabai, amalume ake a Tolegen, anatibwereka hatchi ndi ngolo yotsetsereka pachipale. M'mawa kunacha bwino, kumwamba kuli mbee. Mkuluyo anayang'ana kumpoto nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Mphwanga, usaime panjira ngakhale kukodza. Sindikukukhulupirira kuwalaku." Tinaseka, tinanyamuka.

Iwe ukuidziwa njira ija, yongotsata mitengo ya mawaya. Titadutsa theka, mphepo inayamba kukwawa pansi, kenako inadzuka. Artur, unali usana, koma mchira wa hatchi sindinkauona. Kumwamba ndi pansi zinangokhala chinthu chimodzi choyera. Mtengo wa mawaya wina tinauona, wotsatira sitinauonenso.

Tolegen anatifunditsa zikopa zonse, natsika kumatsogolera hatchi. Kwawo amati ukasochera, siya chingwe, hatchi imadziwa kwawo. Anasiyadi. Koma kwawo kwa hatchiyo kunali kumbuyo, kutali, komwe kunkachokera mphepo. Inatembenuka, mphepo inaimenya kumaso, inatembenukanso, ndipo titaigwira panalibe amene ankadziwa kumene tachokera. Tinangoyenda. Maira anasiya kulira n'kuyamba kusinza, ndipo ine monga namwino ndikudziwa tanthauzo la tulo timeneto. Ndinamutsina, ndinamukakamiza kuimba nyimbo yake ija mobwerezabwereza. Mumtima ndinkati, ndapha mwana wanga chifukwa chofuna kuona bambo anga.

Kenako Maira anasiya kuimba, nati, "Amayi, wina akumenya poto."

Ndinavundukula mutu. Poyamba inali mphepo yokha. Kenako ndinamva, kutali, ngwee, ngwee. Chete. Ngwee, ngwee. Ukukumbukira mmene Bambo amamenyera chilichonse, kawiri n'kupuma, chifukwa cha phewa lawo lija linathyoka? Ndinakuwa kwa Tolegen kuti aime. Kulirako kunkachokera kumbuyo kwathu, cha kumanzere. Mudzi tinali titaudutsa kale. Tinali kulowera kuchipululu kuja kulibe ngakhale khola.

Tinatsata makutu. Mphepo ikachiba chitsulocho tinkaima, chikamvekanso tinkayenda. Mpaka hatchi inagunda mpanda wa munthu, ndipo patsogolo pathu panali chinthu choyera chooneka ngati chitsa, chikukweza mkono. Anali Bambo, atadzimangirira kumtengo wa chitsulo chija ndi chingwe m'chiuno kuti mphepo isawagwetse. Ndevu zonse zinali madzi oundana. Akalamba, Artur. Sunandiuze kuti akalamba choncho.

Anatiyang'ana mmodzimmodzi, ine, mwana, Tolegen. Ndinati mwina anena dzina langa. Koma anati, "Munalipo nokha panjira?"

Tolegen anati, "M'mawa tinapitirira munthu ali ndi ngolo ya udzu, akubwera konkuno."

"Ndiye sitileka," anatero Bambo. Anayesa kukweza hamala, koma mkono unakana. Anayesanso. Tolegen sanapemphe, anangoitenga m'manja mwawo, n'kuyamba kumenya. Bambo anamvetsera pang'ono, nkhope ili gwaa.

"Iwe, ukumenya ngati ukugogoda pakhomo pa apongozi."

"Ndikugogodadi, Bambo."

Bambo anapukuta ndevu ndi mkono, nati, "Ndiye menya mwamphamvu. Apongozi akowo ndi ogontha."

Anamasula chingwe chija m'chiuno mwawo, nammangirira Tolegen ndi manja awo, nalimbitsa mfundo. Kenako ananyamula Maira, n'kumulowetsa m'chikhoti chawo, ndipo ine ndinagwira m'mphepete mwa chikhoticho monga ndinkachitira ndili mwana, mpaka pakhomo.

Azakhali atationa anagwetsa mbale. Anangoti, "Alvina, kodi kalata..." Bambo anawadula, "Erna, tiyi." Nawonso akukalamba, ndikuona. Ndinawalembera tsiku lofika, koma ngakhale pogona panali posakonza, ndipo tsiku lonse ankangondigwiragwira ngati akufuna kutsimikiza kuti si mzukwa.

Munthu wa udzu uja anafika patapita nthawi, atasiya ngolo m'chipale, atakwera hatchi yake. Anagona konkuno. Tolegen analowa makutu atayera, manja osapindika. Patebulo panali pataikidwa kale nyama ya nkhumba, monga chaka chilichonse. Tolegen anakhala pansi mwaulemu, akuyang'ana buledi, poti kwawo nkhumba sadya. Bambo anayang'ana mbaleyo, nayang'ana iye, nati, "Erna, chotsa ichi. Chandikwana chaka chonse. M'chipinda chozizira muli tsekwe." Iwe ukudziwa kuti Bambo angadye nkhumba m'mawa, masana ndi madzulo. Tinadya mochedwa, koma tinadya tsekwe. Soseji ya hatchi anaidula okha, anatafuna nthawi yaitali, nati mchere wachepa, n'kudulanso ina.

Maira sawaopa ngakhale pang'ono. Anawafunsa kuti, "Inu ndinu agogo aja okwiya?" Anati, "Ndine ndemwe." Iye anati, "Mwakwiya ndi chiyani?" Bambo anayang'ana mbaula, nati, "Imba nyimbo ija amayi ako akuti umaidziwa." Anaimba. Atafika pakati, Bambo anatuluka, ati kukaona ng'ombe. Mwana ameneyo ndi Bambo akudya supu m'mbale imodzi tsopano.

Kwa ine sananene zambiri. M'mawa wa Khirisimasi ndinapeza nsapato zanga zaubweya zakale zija zili pafupi ndi mbaula, zofunda, zitasokedwa chidendene. Dzina la Tolegen sanalitchulebe. Akumuitana kuti "iwe", koma dzulo "iwe" ameneyo ndi Bambo anakhala m'khola theka la tsiku akukonza chitseko chimene mu Malichi chikhala cha munthu wina.

Ndikaganiza kuti anawerenga kalata yanga, nadziwa kuti tili panjira, nakaima pamphepo ija ndi phewa lawo lija, sindidandaulanso kuti sananene zambiri. Thalakitala ikatsegula msewu tibwerera. Uwasamalire akafika kumeneko.

Mlongo wako,
Alvina

Kamenka, 12 Januwale 1995

Alvina mwana wanga,

Ndikhulupirira munafika bwino, ndipo makutu a Tolegen sanathothoke. M'nyumba muno mwachita zii chichokereni. Bambo ako apeza kasokosi ka Maira pansi pa bedi, ndipo m'malo mondipatsa kuti nditumize akaika m'thumba la malaya.

Lero wapositi wafika koyamba chiyambire namondwe uja, atakwera thalakitala, ndi thumba la makalata a mwezi wonse. M'menemo munali kalata yako ya pa 17 Disembala, yonena kuti mukubwera pa 24. Ndaiwerenga lero, mwana wanga. Ndaseka ndekha ngati wamisala. Ndiye iwenso pofika pano wapeza yanga ija m'bokosi mwako, yoti musabwere. Uyatsire moto, ndi ntchito yokhayo imene ingagwire.

Ukuona tsono chimene ndinagwetsera mbale. Sitinkadziwa kuti muli panjira. Ine ndinkadziwa kuti ndinakuletsa, ndipo bambo ako ankadziwanso, chifukwa za kalatayo ndinawauza ndisanaitumize. Muli kuno ndinafuna kukuuza, koma nthawi iliyonse ndikatsegula pakamwa ankandiyang'ana ndi diso lija, ine n'kutseka.

Ufunsa kuti nanga ankamenyera yani. Iwe unachoka m'chilimwe. Khirisimasi yoyamba kunachita namondwe, amuna analipo ambiri, analandizana monga mwa mwambo, ndipo sindinaone chachilendo. Koma chaka chotsatira, ndi chinacho, anthu akuchepa, ndinayamba kuona. Kukachita namondwe mu Febuluwale, bambo ako amamenya chitsulo pang'ono n'kubwerako. Koma kukangochita mphepo sabata ya Khirisimasi, munthuyu sakhazikika. Amavala, amatenga hamala. Chaka chatha kunalibe n'komwe namondwe weniweni, chipale chinkangouluka pang'ono, koma anapita.

Tsiku munafika lija ndinawatsekereza pakhomo. Ndinati, "Achimwene, mukufuna mufere pamtengo? Msewu ndi wotseka, basi kulibe, mwana ndinamuletsa. Kunjaku kulibe munthu." Anandisuntha ngati mpando, nati, "Iwe sumudziwa. Ndi mwana wanga ameneyo. Ukamuletsa ndiye amabwera."

Anatuluka mphepo itangoyamba. Ndinawapititsira tiyi kawiri, ndikugwira mpanda, kachitatu sindinathe. Zala ziwiri za kudzanja lamanja zasenda khungu, koma zichira.

Madzi saiwala khwawa, mwana wanga, ngakhale ataundana. Usawauze kuti ndakuuza. Tili ndi ulendo wautali pandege, ndipo ndikhala nawo mpando woyandikana.

Azakhali ako,
Erna

Kamenka, 19 Febuluwale 1995

Tolegen,

Moni. Ine sindilemba makalata, ndiye usayembekezere zambiri. Ng'ombe zapita. Chitseko chija tinakonza chikutsekeka bwino.

Tifika ku Karaganda pa 8 Malichi, ndege ndi mawa lake. Erna akuti tikagone kuhotela. Ine ndamuuza kuti ndili ndi mkamwini m'tauni imeneyo. Ngati malo ndi ochepa ndigona pansi. Soseji ija ukaipeza, uwauze awonjezere mchere.

Chitsulo ndachisiya pamalo pake. Mnyamata wogula nyumba ndamuonetsa kamenyedwe kake, ndipo ali ndi hamala yake. Yanga ndikubweretsera. Artur akuti kumene tikupitako munthu akamenya chitsulo panja, oyandikana nawo amaitana apolisi.

Uisunge. Maira akula, ndipo chipumi chija ndachiona. Tsiku lina adzabwera ndi munthu amene iwe sudzamufuna, ndipo udzalankhula mawu akuluakulu. Ukadzalankhula, udzaifuna hamalayi. Koma ndikuuze monga munthu amene waimapo pamtengo paja: kumazizira. Kutsegula chitseko n'kosavuta.

Umuuze Alvina kuti nsapato zake anaziiwala. Ndibwera nazo.

Dzina lako ndafunsa Erna kalembedwe kake. Ngati lalakwika, mlandu ndi wake.

Ine apongozi ako ogontha aja,
Reinhold